Mwagula tikiti, kenako mwapezeka ndi pakati: zoyenera kuchita kuti ndalama za ulendo zisapite zonse

Anthu a ku Zomba timayenda. Aphunzitsi a pa yunivesite ku Chirunga amapita kumisonkhano ku Nairobi kapena ku Ulaya, ena amakaona abale ku Johannesburg, ndipo ikamayandikira Khirisimasi mabanja amasungitsiratu zipinda kunyanja ku Mangochi. Tikiti ya ndege imatsikako mtengo mukagula kudakali nthawi, choncho ambiri amalipira kutatsala miyezi inayi kapena isanu. M'miyezi imeneyo mayi atha kuima, ndipo funso limene limabwera nthawi yomweyo ndi lakuti ndalama zija zibwerera kapena ayi.

Ndinene poyera pachiyambi pomwe kuti mimba payokha nthawi zambiri sichititsa kampani ya inshulansi kubweza ndalama. Kwa iwo mimba yoyenda bwino si matenda ndiponso si ngozi. Chimene amalipira ndi vuto lobwera chifukwa cha mimbayo, lotsimikizidwa ndi dokotala, lomwe layamba inu mutagula kale inshulansi. Ndiye nkhani yonseyi yagona pa madeti ndi mapepala, ndipo amene amataya ndalama zambiri ndi amene amayamba kuthetsa ulendo asanaone ziwirizi.

Choyamba, werengani masabata a tsiku lobwerera

Musanaimbire aliyense foni, tengani kalendala. Achipatala amawerenga mimba m'masabata kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, ndipo yokwanira imakhala masabata 40. Ife timakonda kunena miyezi, koma a ndege ndi a inshulansi amafuna masabata. Ngati tsikulo simukulikumbukira bwino, sikani ndiyo imathetsa mkangano, makamaka ikajambulidwa mimba idakali yaing'ono.

Ambiri amawerengera tsiku lonyamuka basi, pomwe lovuta ndi lobwerera. Tiyerekeze kuti msambo womaliza unayamba pa 1 Marichi, mukunyamuka pa Chileka pa 29 Seputembala ndi kubwerera pa 20 Okutobala. Popita mimba ikhala ya masabata 30, pobwera ikhala itapitirira 33. Makampani ambiri a ndege amalola mimba ya mwana mmodzi yopanda vuto mpaka masabata 36, ya mapasa mpaka 32, ndipo kuyambira cha pa masabata 28 amafuna kalata ya dokotala. Mayi wa m'chitsanzochi akakhala ndi mapasa, atha kuloledwa popita n'kukanizidwa pobwerera, ali kudziko la eni, viza ikutha. Kampani iliyonse ili ndi malire ake olembedwa pa intaneti. Ngati ulendo wanu ukusintha ndege panjira, mwina kuchoka pa Malawi Airlines kapena Airlink kukwera ya kampani ina, onani malamulo a kampani iliyonse, chifukwa okhwima kwambiriwo ndi amene adzakuimitseni.

Mukabwerera masabata 28 asanakwane ndipo achipatala akuti zonse zili bwino, palibe chokukakamizani kusiya ulendo, ndipo mukausiya mwa kufuna kwanu inshulansi kawirikawiri silipira. Mukapezeka kuti mudzakhala mutadutsa malire a ndege, nkhani yasintha, ndipo apa ndi pofunika kutsegula chikalata.

Chachiwiri, werengani chikalata cha inshulansi chonse

Kapepala kamodzi kaja kokhala ndi dzina lanu ndi nambala si pangano lonse. Pali chikalata china cha masamba ambiri, cha zilembo zing'onozing'ono, chimene ena amangochitumiza pa imelo ndipo ena sachipereka mpaka mutachipempha. Pemphani. Safunsa anadya phula.

Onani kaye ngati mulidi gawo lonena za kuthetsa ulendo. Ambiri amagula inshulansi chifukwa choti ofesi ya kazembe yaifuna. Viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, mwachitsanzo, imafuna inshulansi yofika ma euro 30,000, yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen, yolipira chithandizo chadzidzidzi cha kuchipatala ndi kukubwezani kwanu. Yotchipa yongokwaniritsa lamuloli kawirikawiri imathera pomwepo, za tikiti ndi hotelo mulibe. Chimodzimodzinso amene muli pa MASM kapena sikimu ina ya zachipatala: imeneyo ndi ya chithandizo, sibweza ndalama za ulendo wolephereka.

Gawolo likakhalamo, fananizani madeti atatu: tsiku limene munalipira ulendo, tsiku limene munagula inshulansi, ndi tsiku limene munadziwa kuti muli ndi pakati. Inshulansi imateteza zimene simunkazidziwa pogula. Mapangano ena amalipira ngati mimba yadziwika mutagula kale, ndipo pa tsiku lobwerera mudzakhala mutadutsa masabata amene iwo analemba. Ena salipira ngakhale zitatero, amangovomera vuto lenileni la mimba. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kugula inshulansi tsiku lomwelo limene mwalipira tikiti. Kudikira mpaka sabata yonyamukira kumasiya miyezi yonse ya pakatiyo yopanda chitetezo, pomwe ndi miyezi imene ulendo umatha kusokonekera.

Mavuto amene mapangano ambiri amawatchula ndi monga kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba, kutaya magazi, nsengwa kukhala pakhomo la chiberekero, kusanza kosalekeza mpaka kugonekedwa m'chipatala, mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kupita padera, ndi matenda kuyamba masiku asanakwane. Nseru ya m'mawa, kutopa, kapena mantha chabe oti mwina china chake chingachitike panjira, sizilowa m'gulumo, ngakhale kuti mantha amenewo ndi omveka ndipo palibe angakudzudzuleni mukasankha kukhala pakhomo.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ife kwambiri. Kwathu mimba yaing'ono sitiiulutsa. Mayi amatha miyezi itatu kapena inayi akudziwa iye ndi bambo a kunyumba okha, mwina ndi apongozi kapena anankungwi, ndipo pali zifukwa zake zimene sindikuzinyoza. Koma mwambo umenewu usalowe pa fomu ya inshulansi. Ngati fomu ikufunsa za mimba, za BP, za shuga kapena za mimba zam'mbuyo zimene zinavuta, yankhani zoona. Kampani ikadzaona m'buku la kuchipatala kuti munayamba sikelo musanagule inshulansi koma munalemba kuti palibe, ili ndi mphamvu yokana kulipira chilichonse, ngakhale vuto litakhala lenileni. Wogulitsa inshulansi si mnansi wanu, sakudziwani, ndipo zimene mwalemba pa fomuyo ndi za muofesi. Ngati mukuchita manyazi kunena pakamwa pa kauntala, lembani pa imelo.

Musanatseke chikalatacho onaninso zitatu izi. Ndalama imene mumadzilipirira nokha pa pempho lililonse lofuna kubwezeredwa ndalama, imene amailemba kuti excess: mukataya madola 900 ndipo excess ndi 100, mulandira 800, ndipo ena amadula pa munthu aliyense payekha. Kenako bambo kapena mnzanu woyenda naye: tikiti yake imabwezedwa pokhapokha ngati ali pa pangano lomwelo, kapena pangano lake likuvomera kusiya ulendo chifukwa mnzake wadwala. Chachitatu ndi khanda. Mwana akabadwira kunja masiku asanakwane, mapangano ambiri amalipira za mayi koma osati za mwana, chifukwa dzina lake silili pa chikalata, pomwe chisamaliro cha mwana wotere m'zipatala zakunja chimadya ndalama zoti banja lingagulitse nyumba.

Chachitatu, kalata ya dokotala, ulendo usanathetsedwe

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amathetsa ulendo Lolemba, n'kukafuna kalata Lachisanu, ndipo kampani imati chiganizo chinali chanu, dokotala anangotsatira. Deti la kalata likhale la tsiku limene ulendo unali usanathetsedwe, kapena tsiku lomwelo lothetsera ulendo.

Buku la kuchipatala limene mumapita nalo kusikelo ndi umboni wabwino, koma palokha silikwanira. Mmene anamwino amalembera mumaidziwa: BP pa mzere wake, kulemera kwanu, kukula kwa mimba kopimidwa ndi tepi, tsiku lodzabweranso, zonse mwachidule ndi mwachangu chifukwa pabenchi padzaza amayi amene anafika kusanache. Wogwira ntchito ya inshulansi, amene mwina ali ku Blantyre kapena kunja kwa dziko, sangatole m'menemo mawu oti mayiyu sayenera kuyenda. Mufunika kalata pa pepala la chipatala, yosainidwa, yokhala ndi chidindo, dzina la dokotala ndi nambala yake ya ku Medical Council of Malawi. Kaya mumapita ku Zomba Central, ku St Luke's ku Malosa kapena ku chipatala cholipira m'tauni, auzeni anamwino kuti mukufuna kuonana ndi dokotala pa nkhani ya kalata, ndipo mutenge tikiti yanu kuti madeti a ulendo alembedwe molondola.

Kalatayo inene masabata a mimba, tsiku loyembekezera kubereka, vuto limene lapezeka, tsiku limene lapezeka, ndi chiganizo chomveka choti dokotala akuletsa ulendo wa pa madeti akutiakuti. Mawu ofewa onga akuti ndi bwino mayi apumule sathandiza. Makampani ena ali ndi fomu yawo yoti dokotala adzaze, choncho ifunseni msanga kuti musayende kawiri.

Musapemphe dokotala kulemba vuto limene kulibe. Kupatula kuti ndi chinyengo chimene chingamuchotsetse ntchito, kampani ili ndi ufulu wopempha kuona zonse zolembedwa za kuchipatala, ndipo bodza likaonekera mumataya ngakhale zimene zinali zanu.

Mimba ikapita padera, palibe amene ali ndi mtima wothamangitsa mapepala, ndipo sindikufuna kuyankhula ngati ndi nkhani ya ndalama chabe. Komabe ili ndi limodzi mwa mavuto amene inshulansi zambiri zimalipira mosavuta. Bambo, kapena achemwali amene akudikirira kuchipatala, asunge kapepala kotulutsira wodwala ndi malisiti onse, atumize uthenga umodzi wachidule ku kampani wonena kuti ulendo walephereka pa zifukwa za kuchipatala, zina zidzatsatira mayi akapezako mphamvu. Uthenga umodziwo umakwanira kusunga nthawi.

Chachinayi, thetsani ulendo mwa dongosolo

Yambani ndi a inshulansi. Auzeni polemba, pemphani nambala ya pempho lanu, ndipo funsani masiku amene muli nawo operekera mapepala, chifukwa pangano lililonse lili ndi malire ake. Mukalankhula pa foni, tsatirani ndi imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Mauthenga a pa WhatsApp ajambuleni ndi kusunga.

Kenako tikiti. Thetsani ndege isananyamuke. Kungokhala osapita kumaika dzina lanu m'gulu la osabwera, ndipo pamenepo pamakhala chindapusa, ulendo wobwerera nawonso umafafanizidwa. Ngati munagula kudzera kwa ejenti, bwererani kwa ejenti yemweyo, chifukwa a ndege adzakutumizani komweko. Funsani zinthu zitatu motsatana: kubweza ndalama, kusintha deti, kapena kusunga tikiti ngati vocha. Ngakhale tikiti yolembedwa kuti siibwezedwa imakhala ndi misonkho ina ya pabwalo la ndege imene imatha kubwerera ngati simunakwere, koma sabweza osapemphedwa. Makampani ena amachotsa chindapusa chosinthira deti akaona kalata ya dokotala. Tikiti kawirikawiri imakhala ndi moyo wa chaka chimodzi, ndiye ganizirani bwino ngati mudzathadi kuyenda ndi khanda m'nthawi imeneyo musanavomere vocha, chifukwa mukailandira a inshulansi amawerengera kuti ndalama imeneyo simunaitaye.

Chilichonse chimene akana kubweza, apereke kalata yonena kuti akana ndipo ndi ndalama zingati. Inshulansi imalipira zokhazo zimene zakanika kubwerera kuchokera kwina, ndipo umboni wake ndi kalata imeneyo. Chitani chimodzimodzi ndi hotelo. Mukasungitsa malo pa Booking.com, imelo yotsimikiza imalemba tsiku ndi ola lomaliza lothetsera kwaulere, ndipo olalo nthawi zambiri ndi la kumene kuli hoteloyo, osati la ku Malawi. Ndalama ya viza sibwerera, kaya mwayenda kaya ayi. Ya msonkhano, funsani okonza ngati angalole mnzanu wa kuntchito kupita m'malo mwanu.

Funsaninso kuti ndalama idzabwera mu ndalama yanji ndiponso pa mtengo wa tsiku liti. Amene anagula matikiti kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kudzabwezeredwa makwacha omwewo pambuyo pake, anapeza kuti sangagulenso tikiti ya ulendo womwewo. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, nthawi zina kusintha deti kumapindulitsa kuposa kulandira makwacha.

Chachisanu, perekani pempho lokwanira kamodzi

Ikani pamodzi fomu ya kampani, chikalata cha inshulansi, tikiti ndi malisiti, kalata ya dokotala, masamba a buku la kuchipatala oonetsa tsiku limene munayamba sikelo, zotsatira za sikani, ndi makalata okana kubweza ndalama. Jambulitsani zonse musanapereke. Mukapereka pamanja, wolandirayo asaine ndi kudinda pa kope lanu.

Akakana

Pemphani kuti akukanireni polemba ndipo atchule ndime ya pangano imene atsamira. Werengani ndimeyo nokha. Nthawi zambiri vuto limakhala kalata ya dokotala yosamveka bwino kapena deti losowa, zimene zimakonzeka. Lembani dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo. Zikakanika, makampani a inshulansi a m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi kudzera mu ofesi ya Registrar of Financial Institutions, imene imalandira madandaulo a makasitomala amene ayamba adandaula ku kampani yawo. Nkhani ikakhala ya ejenti wa matikiti kapena malo ogona amene akukana kutsatira zimene analonjeza, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Inshulansi yogulidwa pa intaneti ku kampani yakunja imatsatira malamulo a dziko la kampaniyo, ndipo kumene mungadandaule kumalembedwa kumapeto kwa chikalata.

Amene mulibe inshulansi

Kunena zoona, ambiri mwa ife tikamapita kunyanja kapena ku Liwonde kukaona nyama sitigula inshulansi iliyonse. Timangotumiza dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba n'kudikira tsiku. Apa chokuthandizani ndi kufulumira ndi ulemu. Mwini loji amene mwamuuza kutatsala milungu isanu ndi umodzi atha kugulitsa chipindacho kwa wina, ndiye savuta kubweza kapena kusuntha deti. Amene mwamuuza kutatsala masiku awiri Khirisimasi isanafike wataya kale kasitomala. Musayambe ndi kufuna ndalama. Yambani ndi kupempha deti lina, kapena kuti achimwene anu ndi banja lawo apite m'malo mwanu n'kukubwezerani inu. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama inatumizidwa usafufutidwe m'foni.

Basi yopita ku Johannesburg ndi nkhani ina. Imadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wopitirira tsiku lathunthu, kuphatikizapo kuima pamizere m'malire a mayiko, pomwe ndege yochokera pa Chileka sifika maola atatu. Ine mayi amene mimba yakula sindingamulimbikitse basi imeneyo, ngakhale tikiti itakhala yosabwezedwa. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kuyamba matenda pakati pa Tete ndi Harare.

Mukasankha kuyendabe

Nthawi yabwino ndi ya pakati, kuyambira masabata 14 mpaka 28, nseru itachepa koma thupi lisanaleme. Uzani a inshulansi kuti muli ndi pakati ndipo akuyankheni polemba kuti akukutetezani mpaka masabata angati. Kalata yokulolani kukwera ndege imakhala ndi masiku owerengeka ogwira ntchito, choncho pa ulendo wautali mungafunike ina yobwererera kuchokera kwa dokotala wa komweko.

Katemera wa yellow fever kawirikawiri saperekedwa kwa amayi oyembekezera. Malawi si dziko la matendawa, koma Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo South Africa imafuna khadi la katemera kwa amene achokera kumeneko kapena akhala pabwalo la ndege la kumeneko maola opitirira 12. Ngati munabayitsa kale m'mbuyomu, khadi lomwelo likugwirabe ntchito moyo wonse. Ngati simunabayitse, kambiranani ndi dokotala za kalata yokupatulani, kapena sankhani njira ina ya ndege.

Kunyanja ndi ku Liwonde kuli udzudzu wambiri kuposa kuno kuphiri, ndipo malungo pa mayi woyembekezera amatha kuchotsa mimba kapena kubweretsa mwana wochepa thupi. Nyamulani neti yanu, ndipo Fansidar amene mumamwa kusikelo asadumphidwe chifukwa cha ulendo. Ngati tsiku la sikelo likugwera masiku amene mudzakhala kulibe, auzeni anamwino akusinthireni.

Mimba imachulukitsa chiopsezo cha magazi kuundana m'miyendo, makamaka pa ulendo wopitirira maola anayi. Pemphani mpando wa m'mbali mwa njira, dzukani n'kuyenda pang'ono, imwani madzi, ndipo lamba adutse pansi pa mimba. Kumbukirani kuti kwa ife a ku Zomba kukhala pampando kumayambira pa M3, kudutsa Thondwe, Namadzi ndi Njuli, kulowa m'chipwirikiti cha magalimoto ku Limbe, kenako mpaka ku Chileka, ndipo amene akukwerera ku Kamuzu International Airport ali ndi maola ambiri a pamsewu asanaione n'komwe ndege. Nyamukani kudakali nthawi yoti mutha kuima panjira. Buku la kuchipatala, kalata ya dokotala ndi nambala ya foni yadzidzidzi ya a inshulansi zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Mukaona magazi, madzi kutuluka, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, pitani kuchipatala cha pafupi nthawi yomweyo, ndipo amene muli naye aimbire nambala ija muli panjira, chifukwa zipatala zambiri zolipira zakunja zimafuna chitsimikizo cha malipiro kuchokera ku kampani zisanakugonekeni.